Mabisiketi a shuga odula ndi zodulira: nyenyezi zanga zikuphwathalala mu uvuni

Mayi a ku Chirimba:
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Mng'ono wanga amene amakhala ku Johannesburg ananditumizira zodulira mabisiketi zachitsulo zisanu ndi chimodzi, za nyenyezi, mtima, kamtengo, belu, kankhosa ndi kamngelo, ndipo ine ndinalonjeza kale kuti ana a Sande sukulu kutchalitchi kwathu adzadya mabisiketi amenewa pa Khirisimasi. Ndinayesa kuphika Loweruka masana. Podula, chilichonse chinkaoneka bwino, nsonga zisanu za nyenyezi zili chilili, koma nditatsegula uvuni ndinapeza onse aphwathalala n'kugundana, moti kankhosa ndi belu sizimasiyananso. Kukoma kwake kunalipo ndithu, koma maonekedwe ndi amene ndikufuna, chifukwa ndi amene anawo adzakondwere nawo. Ndinagwiritsa ntchito makapu 3 a fulawa wa self-raising, kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya majarini wofewa wa m'kachitini kapulasitiki, mazira 2 ndi masipuni ang'onoang'ono 2 a bekini pauda. Chonde ndithandizeni, ndalakwitsa pati?

Bambo ophika buledi ku Limbe:
Amayi, mwachita bwino kulemba zonse zimene munaika, chifukwa yankho lili momwemo. Fulawa wa self-raising amakhala ndi chotupitsa kale kuchokera kufakitale, ndiye inu mutaonjezeranso bekini pauda, mtanda wanu unali ndi mphamvu yotupa ngati wa masikono. Bisiketi wodula ndi chodulira safuna kutupa. Akatupa amakwera m'mwamba, kenako amagwa n'kufalikira m'mbali, ndipo nsonga zopyapyala ndi zimene zimayamba kutayika. Gulani fulawa wamba wa keke, wopanda chotupitsa, ndipo bekini pauda asapitirire theka la kasipuni kakang'ono pa makapu 3. Ine pa mabisiketi amene ndikufuna kuti m'mphepete mwake mukhale mwakuthwa sindiikamo n'komwe.

Koma cholakwika chachikulu, m'kuona kwanga, ndi majariniyo. Majarini wofewa wopaka pa buledi anapangidwa kuti azisungunuka msanga, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi madzi ochuluka kuposa batala. Batala amakhala ndi mafuta pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, pomwe majarini wina wofewa mafuta ake amatsika mpaka theka. Madzi amenewo akalowa mu uvuni amasanduka nthunzi, mtanda n'kulefuka usanagwire. Ngati batala wakwera mtengo, monga mmene zililimu, tengani majarini wolimba uja wokutidwa ndi pepala ngati njerwa, wolembedwa kuti ndi wophikira, monga Stork wa bake. Muyeso umene ine ndimaudalira ndi uwu: magalamu 225 a batala kapena majarini wolimba, magalamu 200 a shuga, dzira limodzi lokha, magalamu 375 a fulawa, theka la kasipuni ka mchere ndi kasipuni kamodzi ka vanila. Dzira lachiwiri lija linangoonjezera madzi pa mtanda umene unali wofewa kale.

Mayi a ku Chirimba:
Zikomo kwambiri, bambo. Za majarini sindinaganizeko ngakhale pang'ono, ndinkayesa kuti majarini yense ndi mmodzimodzi. Sikelo ndilibe, kodi makapu omwewa sangandithandize?

Aphunzitsi a zophika ku Mzuzu:
Angakuthandizeni, amayi, bola mudziwe kuti kapu imanama. Ndimaonetsa ana a sukulu chaka chilichonse kuti kapu yomweyo ikhoza kunyamula magalamu 120 a fulawa kapena 150, malinga ndi mmene mwatungira. Mukaviika kapu m'thumba n'kutsendera, fulawa amachuluka. Mukasefa kaye n'kumathira ndi sipuni mpaka kudzaza, kenako n'kusalaza pamwamba ndi mpeni, amakhala pafupi ndi 125, ndipo makapu 3 otere ndiwo magalamu 375 amene bambo a ku Limbe atchula. Chinanso n'chakuti kapu ya m'maphikidwe a ku America ndi ya mamililita pafupifupi 240, pomwe ya ku South Africa ndi ya 250, ndipo makapu athu a tiyi a m'nyumba ambiri safika n'komwe pamenepo. Choncho gwiritsani ntchito kapu imodzi pa zonse, musasinthesinthe.

Ndikufuna kuonjezera pa nkhani ya katakasidwe. Ambiri tinaphunzira keke tisanaphunzire mabisiketi, ndiye dzanja linazolowera kutakasa majarini ndi shuga mpaka ayere mbee ndi kupepuka. Pa keke zimenezo n'zoyenera chifukwa timafuna mpweya wambiri m'kati. Pa mabisiketi odula mpweya womwewo ndi umene umawatupitsa n'kuwaononga maonekedwe. Takasani ndi mthiko mphindi ziwiri zokha, kungoti shuga asakanikirane ndi mafuta, thirani dzira ndi vanila, kenako fulawa pang'onopang'ono. Fulawa akangolowa yense, siyani. Musakande ngati mukukanda mandasi, chifukwa kukanda kumadzutsa ulimbo wa mu tirigu umene akatswiri amautcha gluten, ndipo mabisiketi amatuluka olimba, komanso mtanda umabwerera m'mbuyo mukaudula, mtima n'kukhala wopendekeka.

Mayi a ku Nchalo:
Zonse zanenedwazi n'zoona, koma palibe amene wafunsa nthawi imene amayiwa anaphika. Anena kuti linali Loweruka masana, ndipo tili m'nyengo yotentha. Batala amayamba kusungunuka kutentha kukafika madigiri 32 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kuno kuchigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala khitchini imapyola pamenepo dzuwa lisanafike paliwombo. Ine ndinataya fulawa wambiri ndisanamvetse kuti mtanda wofunda sungasunge maonekedwe ngakhale muyeso ukhale wolondola chotani. Mafuta akalowa mu uvuni ali ofewa kale, amayenderera fulawa ndi dzira zisanagwirane. Akalowa ali ozizira ndi olimba, m'mphepete mwa bisiketi mumauma ndi kugwira mafutawo asanathawe.

Chimene ndimachita ndi ichi. Ndikamaliza kusakaniza, ndimagawa mtanda pawiri, ndipo gawo lililonse ndimaliika pakati pa mapepala awiri ophikira n'kulipyapyalitsa ndi botolo nthawi yomweyo lidakali lofewa. Kenako ndimaika mapepalawo pa thireyi n'kulowetsa mu firiji kwa ola lathunthu. Ndikatulutsa, mtanda umakhala wolimba ngati katoni, chodulira chimalowa bwino, ndipo nyenyezi imanyamuka yonse osapindika. Ndikadula ndimabwezeranso thireyi mu firiji mphindi 10 kapena 15 ndisanaike pamoto. Ndipo chonde musaike mabisiketi osaphika pa thireyi imene yangotuluka kumene mu uvuni, chifukwa amayamba kusungunuka pansi musanatseke n'chitseko chomwe. Ithireni madzi kunsi kwake izizire, muipukute, ndiye muyalepo ena.

Mayi a ku Chirimba:
Achemwali a ku Nchalo, mwanena zenizeni zimene zinachitika. Mtanda unkamata m'manja, ndipo thireyi ndili nayo imodzi yokha, ndiye ndinkangochotsa opsa n'kuyala ena pomwepo. Vuto ndi lakuti firiji yanga ndi yaing'ono, ndipo magetsi kwathu kuno amazima nthawi zambiri masana. Kodi popanda firiji ndiye kuti sizingatheke?

Agogo a ku Dedza:
Mwanangu, zimatheka. Ine ndinayamba kuphika mabisiketi ndili mtsikana, kunyumba kulibe firiji kapena uvuni wamagetsi, ndipo ankatuluka ndi maonekedwe ake. Chinsinsi chinali kulawirira. Sakanizani mtanda madzulo, muukulunge mu pulasitiki, muuike m'chitini chotseka bwino, ndipo chitinicho muchikhazike m'beseni la madzi a mumtsuko pamalo ozizira m'nyumba. M'mamawa tambala woyamba akalira, dzukani mudule kunja kusanafunde. Kuno ku Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julaye simufunanso beseni, mphepo yokha imalimbitsa mtanda. Kwanu ku Blantyre m'nyengo ino gulani ayisi kwa amene amagulitsa mafilizesi, muike m'besenimo.

Za moto nazo musadandaule magetsi akazima. Tengani poto wamkulu, muthiremo mchenga wouma wokwana zala ziwiri kuya kwake, muikepo timiyala titatu tofanana, ndipo pa timiyalapo mukhazike chivundikiro cha poto wina kapena mbale yachitsulo yoyalapo mabisiketi. Pamwamba vundikirani ndi lata lathyathyathya n'kuikapo makala a moto, monga timachitira pophika chigumu. Kusiyana kwake n'kwakuti bisiketi ndi wopyapyala, sachedwa kupserera kunsi, ndiye makala a pambaula akhale ochepa, ophimbidwa pang'ono ndi phulusa, ndipo ochuluka akhale pamwamba. Poto atenthe kaye musanaike kanthu. Ine ndimawaza kafulawa pang'ono pa mbaleyo: kakafiirira pang'onopang'ono m'mphindi ngati zisanu, moto uli bwino, koma kakada msanga ndimapungula makala. Muzitembenuza poto kamodzi pakati pa kuphika, chifukwa mbaula siitentha mofanana mbali zonse.

Bambo ophika buledi ku Limbe:
Agogo afotokoza bwino kwambiri, ndipo kwa amene ali ndi uvuni wamagetsi kapena wa gasi, moto umene agogo akuuyesa ndi fulawawo ndi wa madigiri pafupifupi 180. Uvuni uyatsidwe mphindi 15 musanaikemo kanthu. Mabisiketi okhuthala mamilimita 5 kapena 6 amapsa pakati pa mphindi 8 ndi 12, ndipo chizindikiro chake n'chakuti pamwamba pamasiya kunyezimira, m'mphepete n'kuyamba kufiirira pang'ono chabe. Musadikire kuti afiire onse, chifukwa amapitiriza kupsa pa thireyi mutawatulutsa. Asiyeni pomwepo mphindi zisanu musanawanyamule, apo ayi miyendo ya kankhosa ithyoka.

Agogo a ku Dedza:
Pali chimodzi chimene sindikugwirizana nacho pa zimene ambiri amalemba masiku ano, chakuti shuga akhale woyera basi. Ife tinakulira shuga wabulauni wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo mabisiketi ake amanunkhira bwino kuposa a shuga woyera.

Aphunzitsi a zophika ku Mzuzu:
Agogo, pa fungo sindingakutsutseni, shuga wabulauni ali ndi kakomedwe kake ka nzimbe. Nkhawa yanga ili pa kukula kwa timibulu take. Shuga wathu wa Illovo wa m'mapaketi, makamaka wabulauni, timibulu take n'tokulirapo, ndipo popeza tanena kuti tisatakase nthawi yaitali, sitisungunuka tonse. Pamwamba pa bisiketi pamatuluka timadontho, ndipo podula chodulira chikakumana ndi kambulu chimang'amba m'mphepete. Amene angapeze castor sugar, shuga woyera wa timibulu tating'ono kwambiri, agwiritse ntchito ameneyo. Amene sangapeze asinje shuga amene ali nayeyo mu kamtondo koyera kapena mu blender kwa kanthawi kochepa, asafike posanduka ufa, ndipo akatero ngakhale wabulauni wanuyo agwira ntchito bwino. Chokhacho n'chakuti mabisiketi adzakhala oderako, ndiye amene akufuna kudzawakongoletsa ndi mitundu yowala aganizirepo.

Agogo a ku Dedza:
Kusinja ndiye timasinja kale, mwanangu, ndinangoiwala kutchula. Pamenepo tamvana.

Achimwene a ku Chipata:
Pepani kulowerera nkhani ya amayi a ku Chirimba, koma funso langa likukhudza zodulira zomwezi. Akazi anga akufuna kuyamba kugulitsa mabisiketi otere pa sukulu ina yapafupi, koma zodulira za m'sitolo n'zodula mtengo ndipo zambiri n'zapulasitiki. Ndinaganiza zopita kwa amisiri okhoma zidebe kumsika kuti atipangire. Kodi alipo amene anayesapo?

Achemwali a ku Leeds:
Achimwene, maganizo anuwo ndi abwino, ndipo ndi mmene zodulira zambiri zakale zinkapangidwira. Mabisiketi a shuga amenewa mbiri yake imalozera kwa Akhristu a mpingo wa Moravian ochokera ku Germany amene anakhazikika ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, m'zaka za m'ma 1700, ndipo m'madera amenewo amisiri a zitini ankapanga zodulira kuchokera ku tizidutswa totsala pa ntchito zawo zina. Choncho mmisiri wa kumsika kwanuko akhoza ndithu, mukamujambulira chithunzi pa katoni.

Koma ine monga namwino ndikupemphani musamale zinthu zitatu. Chitsulo chake chichokere ku zitini zimene munali chakudya, monga za mkaka kapena za jamu, osati za penti, oyilo wa galimoto kapena mankhwala a mbewu, ngakhale zitatsukidwa chotani. Polumikiza nsonga ziwiri za chodulira, mmisiri apinde n'kukhoma kapena aike kamsomali ka riveti, asamatire ndi mtovu wosungunula uja amamatira ndowa, chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana aang'ono. Ndipo mbali yam'mwamba, imene dzanja limakanikiza, aipinde kawiri kuti isacheke munthu. Mukamaliza ntchito tsukani n'kuumitsa bwinobwino, ngakhale kuziika pafupi ndi moto pang'ono, popeza zitini zimachita dzimbiri msanga.

Bambo ophika buledi ku Limbe:
Ndionjezereko kwa achimwene a ku Chipata kuti posankha zithunzi apewe zokhala ndi tiziwalo tating'ono kwambiri, monga mchira wautali kapena khosi lopyapyala. Tiziwalo totere timapsa msanga thupi lisanapse, ndipo timathyoka m'chitini popita kokagulitsa. Nsomba, nyumba, mtima, tsamba ndi nkhuku yonenepa zimayenda bwino. Pa thireyi imodzi muziika a msinkhu wofanana.

Achimwene a ku Chipata:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Za mtovuzo sindikanazidziwa, ndipo ndikakamuona mmisiriyo ndikayamba ndi zimenezo.

Mayi a ku Chirimba:
Ndabweranso, abale anga, patatha masiku anayi. Ndinagula majarini wolimba ndi fulawa wopanda chotupitsa, shuga ndinasinja mu kamtondo, ndipo ndinaika dzira limodzi. Ndinasakaniza Lachitatu madzulo, ndinaupyapyalitsa pakati pa mapepala monga ananenera achemwali a ku Nchalo, ndipo unagona mu firiji nditachotsamo shelefu imodzi. M'mawa wa Lachinayi ndinadula nthawi ya 5 koloko. Nyenyezi zatuluka ndi nsonga zake zonse zisanu, ndipo mwana wanga wamng'ono atangoona anatchula yekha kuti iyi ndi nkhosa, ili ndi belu. Mtima wanga unakhala pansi.

Komabe pali ziwiri zimene zatsala. Choyamba, ena anatuluka okhuthala mbali imodzi n'kupyapyala mbali ina, ndipo mbali yopyapyalayo inafiira kwambiri. Chachiwiri, zotsalira zimene ndinaziumbanso kachitatu zinatulutsa mabisiketi olimba ndi ouma, osiyana ndi oyamba aja.

Mayi a ku Nchalo:
Ndakondwa kwambiri, amayi. Za kukhuthala kosiyanako yankho lake ndi losavuta. Pezani timatabwa tiwiri tosalala tokhuthala mofanana, ngati mamilimita 5 kapena 6, muike kamodzi kumanja kwa mtanda, kena kumanzere, ndipo botolo liziyenda pamwamba pa timatabwato. Likafika pogunda matabwa silingatsikenso, ndiye mtanda wonse umakhala mulingo umodzi. Ine ndinapempha kalipentala wa pafupi ndi kwathu kuti andipalire tiwiri, koma marula a sukulu amatabwa osanjikiza awiriawiri amagwiranso ntchito. Botolo likhale lalitali kuti lifike mbali zonse ziwiri, ndipo mukalidzaza madzi ozizira n'kulitseka bwino limathandiza kuti mtanda usafunde, bola mulipukute kunja.

Aphunzitsi a zophika ku Mzuzu:
Zotsalirazo zimauma chifukwa nthawi iliyonse mukaumbanso mumawaza fulawa wina patebulo, ndipo mtanda umakandika kwambiri. Dulani moyandikanitsa kwambiri poyamba, nyenyezi kulowa m'mipata ya mitima, kuti zotsala zichepe. Chodulira chokha ndicho muziviika mu fulawa n'kukutumula musanadule, ndipo muzikanikiza molunjika pansi osapotokola. Zotsalira muzisonkhanitse mofatsa, muziziritsenso, ndipo muziumbenso kawiri kokha. Zimene zatsala pambuyo pake ingoziduladulani ndi mpeni, ndi za tiyi wa pakhomo.

Mayi a ku Chirimba:
Ndamva. Tsopano funso lomaliza ndi la kukongoletsa. Ndaona zithunzi za mabisiketi opaka zoyera ndi zofiira pamwamba, zouma gwa, ndipo ndamva kuti amagwiritsa ntchito choyera cha dzira chosaphika. Kodi n'zabwino kwa ana?

Achemwali a ku Leeds:
Amayi, imeneyo imatchedwa royal icing, ndipo n'zoona kuti amaipanga ndi icing sugar, shuga wosalala ngati ufa, pamodzi ndi choyera cha dzira. Popeza mukuphikira ana ambiri, ena a iwo aang'ono kwambiri, ine sindingakulangizeni dzira laliwisi, chifukwa likhoza kukhala ndi tizilombo ta salmonella toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi. Kuno timagula ufa wa choyera cha dzira wophedwa kale tizilombo, koma ngakhale popanda umenewo pali njira ina yabwino. Sefani kapu imodzi ya icing sugar, muthiremo madzi a ndimu pang'onopang'ono, kuyambira sipuni yaikulu imodzi, mukutakasa mpaka zikhale ngati phala lolimbirako limene likagwa pa sipuni mzere wake umatenga kanthawi kuti uzimirire. Ikani m'kathumba kapulasitiki koyera, dulani kangodya kakang'ono kwambiri, mujambule mzere m'mphepete mwa bisiketi, ndipo ukauma pang'ono mudzaze m'kati. Mabisiketi akhale atazizira kotheratu musanapake. Imeneyi siilimba ngati ya dzira, koma ikagona usiku wonse pamalo ouma imagwira mokwanira kuti muwasanje m'chitini, mutaika pepala pakati pa mzere ndi mzere.

Agogo a ku Dedza:
Pa mtundu wofiira musavutike ndi kugula utoto ngati simuupeza. Viikani chidede chouma m'madzi otentha ochepa kwambiri, musefe, ndipo madzi ofiirawo muthire m'malo mwa gawo lina la ndimu. Umatuluka mtundu wofiirira wokongola, ndipo kuwawasa kwake kumachepetsa kutsekemera. Koma kumbukirani kuti Disembala ndi nyengo ya mvula. Chinyezi chimafewetsa mabisiketi ndipo chimachedwetsa kuuma kwa zopakazo, ndiye musawasiye pambalambanda kupitirira usiku umodzi, ndipo chitini chake chikhale chotseka kwambiri.

Bambo ophika buledi ku Limbe:
Pa muyeso ndinakupatsani uja mumapeza mabisiketi apakati 30 kapena kupitirirapo pang'ono, malinga ndi kukula kwa zodulira zanu. Werengani ana, muonjezerepo ena khumi a othyoka, ndipo ngati pakufunika miyeso iwiri kapena itatu, sakanizani uliwonse paokha m'malo mothira zonse m'beseni limodzi, popeza mukutakasa ndi dzanja. Osapaka kanthu amakhala bwino sabata yathunthu m'chitini, choncho mukhoza kuphika masiku atatu Khirisimasi isanafike, n'kupaka tsiku lotsatira.

Mayi a ku Chirimba:
Ana alipo 52, ndiye ndipanga miyeso iwiri ndi theka kuti aphunzitsi awonso alaweko. Matabwa aja ndakawauza kale akalipentala, akuti ndikatenge mawa. Agogo, chidede ndili nacho chimene ndinaumitsa chaka chino, ndipo Loweruka ndiyesa pa mitima isanu yokha kuti ndione mtundu wake ndisanapake onse. Ndikayesa ndidzatumiza chithunzi pano.